Ntchito Yandiphonya Chifukwa cha A, E, I, O, U

Namwera, Mangochi
12 Ogasiti 1990

Okondedwa achemwali anga a Mwanabibi,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Nkope pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, Alihamudulila, koma mtima wanga ndiye wanyansidwa kwabasi.

Paja mukudziwa kuti kwa chaka ndi theka ndakhala ndikumasulira pa chipatala cha kumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, ngati waganyu chabe. Wodwala akayankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chipwitikizi chija ndinatola ku Mandimba, ine ndimauza dokotala m'Chingerezi changa chothyokathyoka, iye n'kumva, mankhwala n'kuperekedwa. Palibe anadandaulapo.

Mwezi wathawu bungwe loyang'anira msasa linati lilemba womasulira wokhazikika, wa malipiro a pamwezi ndi nyumba yomwe. Aliyense ankati ntchitoyo ndi yanga. Nane ndinadya mfulumira, n'kutumiza mawu kwa amalume ake a Mwanamvua, bwenzi langa lija, kuti ntchito yapezeka, akonzekere ukwati wathu wa ndowa mu Okutobala. Paja iwo anakanitsitsa kupereka mwana wawo kwa munthu wa maganyu. Ndinaiwala kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Tsiku la mayeso kunabwera bwana wa ku Blantyre, atamanga tayi m'fumbi lonseli. Tinalipo atatu. Ine ndimayesa atiitanira wodwala kuti aone amene amvane naye. Ayi ndithu. Analemba pa bolodi a, e, i, o, u, n'kutiuza kuti m'mphindi khumi tilembe mawu a Chingerezi oti liwu lililonse likhale ndi malembo asanu onsewo. Akuti wodziwa Chingerezi chenicheni amaonekera pamenepo. Achemwali, kodi mayi amene mwana wake akutsegula m'mimba amabwera kudzawerenga malembo? Ndinakanda mutu mpaka nthawi kutha, pepala lili mbee.

Ntchito anapatsa Simioni, wa Fomu 4 wa ku Zomba, amene analemba mawu anayi. Chiyao sadziwa ngakhale moni. Chondinyansa koposa n'chakuti mawa lake dokotala anandiuza, akupukusa mutu, kuti dzina la chibayo m'Chingerezi, pneumonia, lili nawo malembo onsewo. Liwu limene ndimatchula kakhumi pa tsiku! Ndimalidziwa ndi pakamwa, pa pepala sindinaliwonepo.

Tsopano anandikankhira kosungira chakudya, ndikutsitsa matumba a ufa ndi nyemba. Koma kukabwera wodwala, Simioni amatuma munthu kudzandiitana. Ndimaima kumbuyo kwa mpando wake, ufa uli mbuu m'mutu, n'kumamuuza m'Chichewa zimene wodwala wanena, iye n'kumazipereka kwa dokotala ngati wazimva yekha. Lachitatu ndinalumbira kuti sindipitanso. Ndiye anabwera yekha n'kunena kuti, "Akulu, kuli mayi wina dzina lake Celestina, mwana wake akubanika, ine sindikumva chilichonse." Ndinapita. Ndikanatani? Mwanayo anachira, ndipo woyamikiridwa anali Simioni.

Pempho langa ndi limodzi. Mutengane ndi amalume athu a Shafi, mupite kwa amalume ake a Mwanamvua mukawauze zoona, asanazimve kwa ogulitsa usipa amene amabwera kuno. Musakandikometsere. Mukanene kuti ntchito palibe, nyumba palibe, ndipo sindikudziwa kuti mwayi wina udzapezeka liti. Ndamva kuti pali mwini boti wina wa ku Monkey Bay amene wakhala akufunsira komweko. Akasankha iyeyo, musakakangane nawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume a Shafi ndi azakhali, ndiponso kwa ana anu onse.

M'envelopu yomweyi muli kakalata kena ka Mwanamvua. Paja iye sadziwa kuwerenga, ndiye mumutengere pambali mumuwerengere nokha. Ndikudziwa mtima wanu, achemwali, mudzafuna kudumpha mzere womaliza, pamene ndamuuza kuti asandidikire ngati sangathe. Chonde, muwerenge ndi umenewonso.

Ndine mlongo wanu,
Sumani