Sanda Imene Munatumiza

Kwa Mponda, Mangochi
14 Ogasiti 1989

Okondedwa achimwene a Ibrahimu,

Salamu aleikumu. Muli bwanji ku Limbeko, inu, alamu ndi ana? Kuno tadzuka, kungoti mwera wavuta asodzi. Moni wanga wathera pomwepa, chifukwa mtima ukundiwawa.

Phukusi lanu linafika ndi dalaivala wa lole ya nsomba uja. Nditamasula ndinapeza sanda. Nsalu yokulungira maliro, achimwene, mwana akupumabe!

Mwina mwaiwala kuti Awa ndi ndani, ndikukumbutseni. Ndi mwana wa malemu mlongo wanu Amida, amene anakwatiwa ku Mozambiki. Nkhondo itamulanda amake, anayenda wapansi mpaka kudutsa malire. Panjira asilikali anamugwiririra. Anafika pakhomo panga ndi chitenje chimodzi ndi mimba imene sanaipemphe.

Ndinapita naye kuchipatala. Namwino anamvetsera zonse misozi ili m'maso, koma anati lamulo sililola kuchotsa pakati pokhapokha mayi ali pafupi kufa. Ndinamufunsa ngati tibwerere kaye kunyumba, tikadikire kuti ayandikire kumanda. Anangowerama.

Ndiye Awa anachita zomwe atsikana amanong'onezana pochapa kunyanja. Anapita yekha kwa mayi wina wa phesi la chinangwa. Anabwerako thupi lili moto, magazi osaleka.

Ndinati tithamangire kuchipatala. Amuna a pamudzi pano anakana, akuti mwana wa mbumba sagonekedwa m'chipatala popanda mawu a amjomba ake, ndiye inuyo amalume ake. Tinakutumizirani uthenga, ife n'kumadikira, mwana akufooka pamphasa. Inu munayankha kudzera kwa dalaivala kuti asapite, apolisi angamve, dzina lathu lingaipe kumzikiti, zonse tisiyire Mulungu. Pamwamba pa mawuwo munaikapo sanda. Munaganiza bwino ndithu, nsalu yake yokongola!

Ndinaing'amba pamaso pa amunawo. Zidutswa zake ndinamutsekera nazo magazi. A Enelesi, anansi athu, anatibwereka njinga, ndipo awirife tinamukweza n'kumakankha mpaka kuchipatala. Palibe mwamuna anagwirako chiwongolero.

Awa ali moyo, koma chiberekero amuchotsa, chinali chitawonongeka kale. Mtsikana amene sanakwatiwe n'komwe sadzaberekanso. Lamulo limati likuteteza mwana mmodzi, lero latsekereza ana ake onse.

Sizinathe. Pakhomo la wodi pakhala wapolisi, akuti Awa akangotuluka apita naye kukayankha mlandu. Asilikali aja palibe akuwafunafuna. Dzulo Awa anandifunsa ngati kuno kwathu wolakwa amakhala wogwiriridwayo. Ndakwiya, achimwene. Ndakwiyira lamulo, ndakwiyira amuna a pano, koma kwambiri ndakwiyira inu.

Apolisi ati angamulole kudikira mlandu ali kunyumba ngati wachibale wamwamuna wa ntchito yodziwika atamuimirira. Ine andikana, akuti ndine mkazi wowamba usipa. Apo ayi, achoka pabedi kukagona pasimenti ya kundende, bala la opaleshoni lisanapole. Adokotala ati amutulutsa Lachisanu.

Paja mumakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Tionetseni. Munali mwinimbumba pomukaniza chipatala, khalaninso mwinimbumba pomuimirira. Kwerani basi, kapena lole ya nsomba yomweyo.

Mu envulopu muno mupeza kachidutswa ka sanda yanu. Sindinakachape. Mukabwera, mubwere nako tidzakawotche limodzi. Mukapanda kubwera, kasungeni bwino, chifukwa za mwana wa Amida mudzakhala nazo ndi zomwezo basi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, makamaka ana anu aakazi. Muwayang'ane bwino nkhope musanandiyankhe. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima.

Ndine mlongo wanu,
Ajira