Kompyuta Imene Inaiwala Tsiku

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko komwe muli?

Kuno ku Chitawira kwazizira. Chiperoni chagwa sabata yonse, zovala sizikuuma. Ndikadali m'nyumba yomwe ija. Mpando wanu ndinasiya kuutulutsa pakhonde, poti palibe woothera dzuwa.

Chrissy, mng'ono wanga, anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Amalume ku Ngabu akuti mapira achita bwino koma thonje lagwa mbozi. Akuti mu Ogasiti timange chiliza chanu, ndipo akufuna chithunzi choti chiikidwe pamwala. Onse ayang'ana kwa ine, chifukwa zithunzi zanu zonse zili mu laputopu yanga, ija munkainena kuti, "Tseka kabokosi kakoko udye, zinthu zikuzizira." Mulinso mawu anu mmenemo, nyimbo ya Chisena imene munaimba paukwati wa Chrissy. Kwina kulikonse kulibe.

Chichitikireni maliro sindinaitsegule. Inangokhala mu sutikesi pansi pa bedi. Lolemba lapitalo ndinaitulutsa, ndinaipukuta fumbi, n'kuyatsa. Inayaka bwinobwino, koma pakona panatuluka chizindikiro chofiira. Mu kompyuta mumakhala pulogalamu yolondera, timaitcha antivayirasi. Imafunika kumalandira zatsopano pa intaneti kuti izidziwa mavayirasi a masiku ano. Yanga inati yatsalira m'mbuyo ndipo siingateteze kanthu.

Mwina mukuti n'chiyani chimenecho choti munthu n'kusowa nacho mtendere. Kuti ndikatsukitse chithunzi ndiyenera kuchitengera pa fulashi, ndipo mafulashi obwera kuchokera kotsukitsa amabwera ndi matenda. Kuntchito fulashi yotero inatidyera makalata a mwezi wathunthu. Makalata tinatayipanso. Nanga inu ndikanakutayipanso bwanji?

Ndinagula bandulo, n'kudina poti ilandire zatsopanozo. Kamzere kanayenda mpaka pakati, kenako kanaima. Panatuluka uthenga wa Chingerezi wakuti china chake chalakwika, ndiyesenso nthawi ina, ndipo pansi pake panali manambala osakanikirana ndi zilembo. China chake chiti? Sinanene. Ndinathimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Ndinapita nayo pakhonde pamene netiweki imagwira bwino, chimodzimodzi. Lachitatu ndinainyamula kuntchito, ndinayesa pa intaneti ya muofesi nthawi ya nkhomaliro anzanga atapita kukadya tchipisi. Uthenga womwewo. Manambala aja ndinawakopera pa kapepala, ndinkayenda nawo m'chikwama. Zinandikumbutsa masiku a kuchipatala aja inu mukudwala, ndikufunsa kuti chavuta n'chiyani kwenikweni, n'kumangouzidwa kuti tidikire kaye.

Lachinayi ndinakwera masitepe a kashopu kena mutauni. Bambo wokonza makompyuta anayang'ana kapepala kanga pang'ono chabe.

"Iyi tingoifufuta yonse, sisi, tiyambirenso."

"Nanga zithunzi?"

"Zina mwina tipulumutsa. Sindingalonjeze."

Ndinaitseka n'kuibwezera m'chikwama. Munkakonda kundiuza kuti, "Esnart, ukaona munthu akufulumira ndi chinthu chako, chitenge uzipita." Ndinachita zomwezo.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kwa a Fatima, mayi wokonza makompyuta m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe. Ndinapita lero Loweruka m'mawa. Ndi mayi wachikulire, wa magalasi, wosachedwa kuseka. Ndinawapatsa kapepala kanga koma anangokaika pambali. Anayatsa laputopu, n'kuyang'ana pansi pakona ya kumanja.

"Achemwali, kodi lero ndi liti?"

Ndinawauza.

"Iyi sikudziwa zimenezo. Taonani apa."

Kompyuta inkanena kuti tili mu Januwale, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anandifotokozera kuti mkati muli kabatire kakang'ono ngati batani la jasi, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kanatha mphamvu mu sutikesi muja, ndiye kompyuta inabwerera ku chaka chimene inapangidwa. Kumene kumachokera zatsopanozo akaona tsiku lolakwika amakana kutumiza. Vuto lonse linali pomwepo. Sabata yathunthu ndinkayang'ana manambala, osayang'ana tsiku pakonapo.

Koma Amayi, nditachiona chaka chija ndinakumbukira inu. Chaka chimenecho munali wamphamvu. Munkagulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe womwewu, n'kumakangana ndi makondakitala kuti dengu lanu lisapondedwe. Misozi inangotsika yokha. A Fatima anatembenuka n'kuyamba kufufuza sikuludiraiva m'dirowa, nthawi yaitali, chikhalirecho inali patebulo pomwepo.

Atasintha kabatire anandisunthira laputopu.

"Lembani nokha tsiku la lero."

Ndinalemba. Tsiku, mwezi, kenako chaka chino chimene inu simunachione. Kamzere kanayenda, kanadutsa pakati paja, kanafika kumapeto. Chofiira chija chinasanduka chobiriwira. Tinafufuza kompyuta yonse, munalibe vayirasi. Zithunzi ndi nyimbo yanu tazikopera pa mafulashi awiri atsopano, ina ipita kwa Chrissy. Ndasankha chithunzi chimene munavala duku lachikasu, mukuyang'ana kumbali ngati wina wakuitanani.

Pobwerera, mu minibasi, ndinali ndi chimwemwe ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinatulutsa foni kuti ndiuze munthu kuti zatheka. Ndinayenda m'mayina onse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Alipo ambiri oti ndingawaimbire kukagwa maliro kapena matenda. Koma woti ndimuuze za kabatire, iye n'kumvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye unatani?" sindinamupeze. Foni ndinaibwezera m'chikwama tisanafike pa Chichiri. Ndangofika m'nyumba n'kutenga pepalali, nsapato ndisanavule.

Azimayi a kukwaya abwera kawiri kudzandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kuimba, ndipo kawiri konse ndinati ndatanganidwa. Ndinanama. Mawa ndipita, Amayi, ndikulonjeza. Ndikaima mzere wa kumbuyo, ndipo mawu akakana kutuluka ndikaimabe pomwepo mpaka nyimbo ithe.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esnart