Kagalasi ka Nambala Yanga

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Nanga miyendo ya amayi yasiya kutupa? Kuno ana ali bwino, sukulu akupita. Za ine ndinena m'munsimu.

Ntchito ndi yomwe ija ya kulabu ya chipatala, koyezera matenda. Adokotala akatenga kanyama pachotupa ndi singano, kochepa ngati kaulusi, ife timakaumitsa mu sera, n'kukadula mopyapyala, kukaika pakagalasi ndi kukapaka utoto kuti akaone pamakina. Kale tizidutswa timeneti tinkaima pamzere umodzi ndi zikuluzikulu zochokera ku opaleshoni, mpaka masabata. Mukukumbukira mmene bambo anadikirira masabata asanu, yankho n'kufika titawaika kale m'manda.

Nkhani imeneyo sinandichoke mumtima. Chaka chonse ndakhala ndikuwasokosa abwana kuti tasinganoti tizikhala ndi mzere wakewake, poti sitichedwa kulowa mankhwala. Iwo ankati ndili ndi phuma ngati wasiya mkaka pamoto. Mapeto ake anatopa nane n'kuvomera. Tsopano kanyama kakalowa m'mawa, madzulo adokotala awerenga. Ndinanyadira zedi, Achemwali, mpaka anzanga anandigulira zakumwa.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwezi watha ndinamva kambulu m'bere lakumanzere. Lachiwiri m'mawa anandibaya singano ija, ine n'kubwerera pabenchi langa logwirira ntchito ngati palibe kanthu. Pamagalasi sitilemba mayina, timalemba manambala, koma yanga ndinkaidziwa. Mnzanga anati ndimusiyire, ine ndinakana. Kanyama kangako ndinakadula ndekha n'kukapereka.

Isanakwane folo koloko adokotala anandiitana, n'kutseka chitseko. Anati ndi khansa. Mayo ine! Ndinalakalaka akanachedwa ngakhale sabata imodzi, ndiyambe ndagona tulo ta munthu wosadziwa. Changu chomwe ndinachimenyera nkhondo chija chinayambira pa mwini wake. Ndinalira m'kachipinda kosungiramo magalasi mpaka maso kutupa.

Adokotalawo akuti chotupacho tachipeza msanga, ndipo opaleshoni ndi pa 20 mwezi uno. Ndikuopa, sindikubisirani. Mwana wanga wamkulu uja wayamba kale kufunsa chifukwa chake ndikumuphunzitsa kuchapa mayunifomu a mng'ono wake.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani mudzakhale ndi anawa ndikakhala m'chipatala. Amayi musawauze kaye. Mawu akuti chotupa anawamva kokwanira nthawi ya bambo.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi akafunsa chimene mukudzera kuno, mungoti mwana wawo waphuma uja akadali chimodzimodzi. Koma inu dziwani kuti ulendo uno yankho lafika mwini wake akadali moyo.

Ndine mng'ono wanu,
Waphuma