Ndinaiwala mwana m'munda wa mtedza

Amayi, kodi kumeneko kumene munatsogola mukukhalako bwanji?

Kuno ku Bowe tilipo. Chimanga chinachita bwino, koma fodya anapsa ndi ng'amba. Achimwene a Lemekezani ndi alamu anadalitsika ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, ndi kaukali komwe akachedwa kuyamwa.

Opaleshoni ija munkaiopa anakandichita ku Blantyre. Madokotala anachotsa kachipsera mu ubongo kamene kankandigwetsa khunyu, ndipo chichitireni sindinagwenso. Moto ndimakoleza ndekha, kumjigo ndimapita ndekha. Inu amene munkandikoka chitenje ndikangoyandikira mafuwa, mukanaona!

Koma anandichenjeza kuti mutu ukhoza kumataya zinthu, ndipo sananame. Zakale zonse zilimo, ngakhale nyimbo zanu za kwaya. Zatsopano ndiye zimadutsa ngati madzi m'dengu. Akandituma mchere ku Mponela, ndimabwera ndi sopo. Anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo, nanga nditani?

Mukudziwa kuti moyo wanga wonse ndinali ndisanaberekepo mwana kumsana. Munkakana inu nomwe, poopa kuti ndingagwe naye. Tsono tsiku lina tikukumba mtedza, alamu anandipatsa khandalo. "Mberekeni, a Tereza, si mwachira?" Amayi, ndinaimirira ngati ndasenza mazira. Kampweya kake kankandifunditsa khosi, ine misozi ili mbwee, osafuna kuti aone.

Atagona, ndinamuyalira chitenje pansi pa mango, ndi kuthamangira kunyumba kukatenga dengu. Kumeneko ndinapeza nkhuku zikudya mphale imene tinayanika. Ndinazipirikitsa, ndinasesa, ndinakhala pakhonde mtima uli zii. Chinandidzidzimutsa ndi mfuu ya alamu. Iwo anali atapita kudambo akuganiza kuti mwana ali ndi ine, ndiye pobwerako anandipeza ndilibe mwana.

Anamupeza ali bwino, nyerere zokha zitamuluma timiyendo. Palibe anandikalipira. Bola akanandikalipira! Munkati tsoka silinunkha, ndipo tsiku limenelo ndinakhulupirira. Mwanayu anamutcha dzina lanu, moti ife ana anu timamuitana kuti Amayi. Ndiye taganizani, ndinakusiyani pansi ndi kukasesa pabwalo.

Kuyambira pamenepo ndikatambasula manja, alamu amati mwanayo akufuna kuyamwa. Sindiwada. Ndikanakhala ine ndikanateronso. Koma ndili ndekhandekha, Amayi. Kale ndikagwa, mudzi wonse unkaona kuti ndikudwala, inu n'kundipukuta kukamwa. Matenda ano saoneka. Pakhomo amati ndinachira, ndipo palibe amene ndingamuuze kuti m'mutumu muli malo ongoti pululu, opanda kanthu.

Anamwino anandilangiza kuti chilichonse chimene ndikuchita ndizichinena mokweza, kuti chikhazikike. Ndiye ndimayenda ndikudziyankhulira ngati wamisala: "Poto ali pamoto, poto ali pamoto." Sabata ino sindinapsereze ndiwo. Alamu anaona.

Dzulo ali kubafa, mwana analira pamphasa. Ndinakhala pafupi, manja nditawapanira m'maondo kuti ndisamunyamule popanda chilolezo, n'kumangomuyankhula mpaka anatonthola. Alamu potuluka anaima pang'ono kutiyang'ana, kenaka anamutenga.

Ndidikira, sindikakamiza. Koma ndikukulonjezani, tsiku limene adzandibwezere mwanayu kumsana, sindidzamutsitsa pansi, ngakhale msana uthyoke, mpaka mayi wake adzamumasule yekha.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tereza