Ndowa za Dzulo ku Lifuwu

Lifuwu, Salima
14 Januwale 2023

Okondedwa achemwali Anna,

Dzanja ili ndi la mnzanga Raisa, koma mawu ndi anga, ine Dailes mng'ono wanu. Kalatayi abweretsa ndi a Jailosi ogula nsomba aja akamabwera ku Lilongwe mawa. Amayi ali bwino, mpunga tawokera. Ine ndiye ayi, achemwali, ndili ndi mantha.

Paja ndinakuuzani kuti kolera atavuta kuno, ife achinyamata olumala asanu tinadzipereka kuti tizithira kololini m'ndowa za azimayi akamachoka kotunga madzi kunyanja. Sizinali zophweka kuti atilole. Pamsonkhano bambo wina anachita kuimirira n'kunena kuti, "Wosaonayu adzatithirira palafini." Anthu anaseka. Ine ndi pakamwa panga pomwe mukupadziwa paja ndinayankha kuti, "Mphuno yanga imaona kuposa maso anu, bambo." Anasekanso, ndipo alangizi a zaumoyo, a Ismael, anatilemba.

Timakhala ndi zigubu ziwiri zofanana, china cha mankhwala, china cha madzi wamba otsukira kapu yoyezera. Ine ndimazisiyanitsa ndi fungo. Dzulo Raisa anapita kuchipatala ndi mwendo wake wovuta uja, anzathu atatu aja ali kumadooko ena, ndiye padooko ndinali ndekha, chimfine chitanditseka mphuno kuti gwa. Ndikanatha kufunsa munthu kuti andinunkhizire. Koma kufunsa ndani, anthu omwe aja anandiseka? Ndinachita manyazi. Ndinangogwira chigubu chakumanja n'kuyamba kuthira, uku ndikucheza, azimayi akuthokoza.

Lero m'mawa Raisa ponyamula chigubu cha mankhwala wangoti, "Dailes, bwanji chili chodzaza?"

Mayo ine! Ndowa zoposa makumi atatu, achemwali, ndinathiramo madzi enieni. Anthu akumwa madzi akunyanja osawiritsa, mtima uli m'malo, poti Dailes wathira.

Tisanapume n'komwe tamva kuti Bilali, mwana wa zaka zitatu wa kuseri kwa mzikiti, amuthamangitsira kutenti ya odwala kolera panjinga, ali lende. Amake aja amanditchula kuti mwanawanga, amandiikira usipa m'thumba osandiuza. Dzulo ndowa yawo inali yachitatu. Kaya matendawo anawatengera kwina, kaya ndi madzi angawo, sindidziwa ndipo mwina sindidzadziwa.

Raisa anati tikhale chete, madziwo pofika mawa akhala atatha. Akuti ndisalembetse zimenezi, koma lemba iwe Raisa, unanena. Sindikumuda ayi. Akuopa zomwe ndikuopa ine. Tinamva kuti kwina anthu anagenda azaumoyo powanena kuti ndiwo akufalitsa matendawa. Nanga ife, wina wandodo, wina wapanjinga ya olumala, ine wosaona kumene mwala ukuchokera, tingathawire kuti? Ndipo akatichotsa, sadzati Dailes analakwa. Adzati olumala sangathe, basi, mpaka ana obadwa mawa.

Koma madzi aja akadali m'mitsuko, ndipo ana akumwa pano ndikulankhula.

Ndawauza a Ismael. Ndinamva akupukusa kiyi wokhomera njinga yawo. Kenako anati, "Tiyenda khomo ndi khomo, atayetu madziwo. Ndinena kuti mankhwala anali osukuluka. Dzina lako sinditchula."

Achemwali, ndikanavomera. Mtima unafuna zedi! Koma anthu akangomva kuti mankhwala amasukuluka, ndani adzatcherenso ndowa yake? Tavutika mwezi wathunthu kuti asiye kunena kuti kololini amaletsa kubereka. Ndawauza a Ismael kuti ndikanena ndekha, kuti mankhwala ndi abwino, wolakwa ndine, ndinali ndi chimfine ndipo ndinanyada. Mawu amenewa ndawayeseza kanayi, koma pofika pa "ndine" ndikumaima.

A Ismael apita kukatenga kololini wina, akuti abwera dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ali kumunda, sakudziwa kanthu. Akakuimbirani akulira, musawakalipire kuti anandiloleranji kutuluka m'nyumba. Ndinatuluka ndekha, ndipo akandilola mawa ndipitanso padooko.

Moni kwa alamu. Mwana wanu Mayankho mumuuze kuti amayi ake aang'ono akumva kuti sakusamba m'manja, ndidzamukoka khutu. Inu madzi muziwiritsa, ngakhale wina atakulumbirirani kuti wathira mankhwala. Mukamapemphera madzulo ano musayambe ndi ine, muyambe ndi Bilali.

Njinga ya a Ismael ndi imeneyo, ndayimva belu lake. Akuti tiyambira kuseri kwa mzikiti, kunyumba kwa amake Bilali, chifukwa kwatsala ana ena awiri ndipo mtsuko ndi womwewo.

Ndine mng'ono wanu,
Dailes