Dzina Langa Palibe Papepalapo

Highfield, Salisbury
14 Ogasiti 1977

Okondedwa achimwene a Yosiya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheu pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kungoti mayi a kunyumba miyendo ikuwavutabe.

Ndikadali pa fakitale ya mankhwala ku Southerton. Poti katundu wakunja sakulowa m'dziko muno, makina athu oonera tizilombo anakhala chaka chathunthu opanda kamera. Ine ndinatenga galasi la kamera yakale ndi kapaipi ka mkuwa n'kupanga chojambulira. Pano madokotala akujambula mazira a likodzo n'kumaona ngati mankhwala atsopano akuwapha.

Bwana wanga anakalembetsa chipangizocho kuboma kuti wina asabe nzeruyo. Pepala lake linabwera mwezi watha, alipachika pakhoma mu ofesi. Dzina langa palibe. Nditafunsa anangoti, "Yoramu, zimenezi ndi za kampani," n'kundipatsa ovololo yatsopano.

Ine ndinangozisiya, koma mwana wanga Tionenji, namwino uja, sanadye tsiku limenelo. Anandifunsa kuti, "Bambo, mudzapirira mpaka liti?"

Lachisanu lapitali ananyamula kachikwama n'kuuza amayi ake kuti akukaona azakhali ake ku Umtali, kumalire ndi Mozambique. Achimwene, inu mukudziwa kuti alongo athu onse ali kwanuko. Zina sindingalembe, masiku ano a nkhondo makalata amatsegulidwa.

Kutchalitchi akafunsa timati ali kukosi ya unamwino. Poyankha kalatayi musatchule dzina lake, muzingomupempherera.

Ndine mng'ono wanu,
Yoramu