Mkanda Umodzi Usanapereke Pepala Lako

Wokondedwa mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko. Kuno ndilipo, kupatula bondo ndi maso amene ndinawathera pa maikulosikopu.

Zithunzi za maselo zimene unatumiza ndaziona. Ukuti ndikondwe poti zatsimikiza zomwe bambo ako anapeza kalekale, zoti timadontho tija ta m'kati mwa maselo tili tiwiritiwiri, kena pamwamba pa kanzake. Sindinakondwe.

Galasi la maikulosikopu limamwaza kuwala. Cham'mbali limamwaza pang'ono, koma kulowa m'kuya kadontho kozungulira kamaoneka kotalika pafupifupi katatu. Kompyuta yoyeretsa chithunzi imabweza kuwalako kumene kunachokera. M'kuyamo ndi momwe imathandiza koposa, komanso ndi momwe imanama msanga ukaipatsa muyeso wolakwika wa galasi.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, Lolemba lililonse ndinkajambula timikanda ta pulasitiki pofuna kudziwa mmene galasi lathu linkamwazira kuwala. Bambo ako, monga mkulu wa labu yathu yofufuziramo, anati mikanda ndi ya atsikana, iwo ali ndi muyeso wa m'buku. Anabwereza kuyeretsako maulendo mazana awiri m'malo mwa makumi atatu. Ndinawasonyeza kuti potero ngakhale mkanda wanga umodzi ukutuluka pawiri. Anaseka pamaso pa onse, nati alamu asiyire sayansi anthu opita kusukulu. Mwezi wotsatira ndinali kuchipinda chotsukira mabotolo, ndipo ndinapumira ntchito komweko.

Mayi ako anandipempha kuti ndisawachititse manyazi amuna awo, ine ndinavomera. Koma ndikuululira lero kuti sindinakhale chete chifukwa cha iwo ayi. Ndinkadikira kuti tsiku lina munthu wachilendo adzawagwetse bambo ako pagulu, ine ndikuonerera. Sindinaganize kuti woima pamalo ogwerapo adzakhala iwe.

Tsono usanapereke pepala lako la digiri kwa okuyesa mwezi wamawa, ujambule mkanda umodzi, uuyeretse ndendende monga unayeretsera maselowo. Ndi ntchito ya theka la tsiku. Ukatuluka umodzi, ndiye kuti ndinalakwa ndine, ndipo ndidzapita ndekha kukapepesa kwa bambo ako. Ukatuluka pawiri, usaimbire ine foni. Uimbire bambo ako, uwafunse kuti ulembe chiyani.

Mulungu akusunge. Upereke moni kwa amuna ako ndi ana.

Ndine,
Malume ako